Tayala Lakutsogolo la a Injiniya

Pulani yonse inabadwira kuseri kwa msika wa pa Boma la Mzimba, pa benchi la mayi wina wogulitsa masese, Lachitatu masana dzuwa likuswa mtengo. Anthu aulemu wawo nthawi imeneyo anali kuntchito. Pa benchipo panali amuna atatu atazungulira chipanda chimodzi, akulankhula monong'ona ngakhale kuti wowamvetsera anali galu yekha wa mayiyo.

Wamkulu wawo anali Louis, amene ankakonda kuti azitchedwa Jenerale. Usilikali wake wonse unali ulonda pa depoti ina ya chimanga, kumene anamuchotsa atamupeza ali m'tulo pamwamba pa matumba amene mbava zinasiya. Wachiwiri anali Tonny, wodziwika kuti Netiweki, chifukwa nkhani zonse za m'tauni ankazigwira, kungoti zinkafika zodukaduka. Wachitatu, mwini nkhani ino, anali Zondwayo, mwamuna wosavula jekete lachikopa ngakhale mu Okutobala. Kumudzi kwawo, m'mbali mwa msewu wa ku Engutwini, ankamutcha Injiniya.

Ku Mzimba mwamuna akapita ku Joni amayenera kubwerako ndi chooneka: malata, sofa, kaya njinga yamoto. Zondwayo anabwerako ndi jekete lija, kabokosi ka masipanala kadakali m'pulasitiki mwake, ndi mawu awiri, "eyishi" ndi "shapu". Koma pakamwa pokha sanabwere chimanjamanja. Anauza aliyense kuti kumeneko anali mekaniki wamkulu pa galaja ya mzungu, ndipo njinga yake yatsopano ili m'njira, ikubwera ndi matransipota. Mvula inagwa, chimanga chinacha, anthu anakolola, njinga ili m'njira. Anthu anasiya kufunsa n'kuyamba kuseka. Amene anatsala akukhulupirira anali mmodzi yekha, mkazi wake Dyness, amene iye ankamutcha NyaShawa. Mayi ameneyu anafika pogwirana m'khosi ndi mnzake Martha pa mjigo, chifukwa Martha ananena kuti njinga ya Injiniya ikubwera wapansi. Kusekedwa ndi mudzi Zondwayo anali atazolowera. Chimene chinkamuopsa, mpaka mowa kumuwawa kukhosi, chinali chakuti tsiku lina Dyness adzamuyang'ana ngati mmene ena onse ankamuyang'anira.

"Madoda, tcherani khutu," anatero Jenerale akupukuta masese kundevu. "Netiweki, lipoti."

"Muhsin uja wa sitolo ya malata ndi misomali wagula njinga yofiira, yatsopano, mpando ukadali m'pepala," anatero Netiweki. "Koma mdala uja ngochenjera chomene. Yoyamba ija anamubera atamanga tcheni. Ndiye pano Lachisanu lililonse akamapita ku mzikiti amachotsa tayala lakutsogolo n'kulitsekera m'sitolo. Njinga amaisiya kuseri, mumpanda, foloko yogwira tayala ija ili pa kireti. Mpaka kiyi amasiya pomwepo. Akuti njinga ya mwendo umodzi ingapite kuti."

Jenerale anaseka pang'onopang'ono, kuseka kwa munthu amene nzeru zamuchulukira.

"Iye akuganiza kuti mbava zimabwera manja ali lendelende. Ife tibwera ndi tayala lathu."

Netiweki anavula chipewa n'kuvalanso.

"Wogula alipo kale," Jenerale anapitiriza. "Mkulu wina wocheka matabwa ku Luwawa, munthu wosafunsa mafunso. Tilowa, timanga tayala, tiliza, mbwenu basi. Injiniya, kumanga tayala kukuvuta?"

"Eyishi, Jenerale, mukundinyoza. Ku Joni tayala ndinkamanga ndi dzanja limodzi, linali ndikuyankha foni."

Ife odziwa tinganene kuti chinthu chokha cha tayala chimene Zondwayo anachigwira ku Joni chinali wilibala ya m'munda wa maluwa. Koma pa benchipo panalibe wodziwa, ndipo chipanda chinali chadzazidwanso.

"Nanga tayalalo lichokera kuti?" anafunsa Netiweki.

"Mlamu wanga Tumbikani ali ndi ya kabaza, ya mtundu womwewo," Zondwayo anayankha. "Kwathu kwagwa maliro a gogo wina, ndipo mwambo ndi Lachisanu lomwelo chifukwa akudikira ana ochokera kutali. Mlamu ali m'gulu la adzukulu, adzakhala ali kumanda kuyambira mbandakucha. Tibwereka tayala, madzulo tibweza, iye osadziwa."

"Mwaona?" Jenerale anakweza chipanda. "Mpaka kumwamba kwavomereza dilu imeneyi."

Zondwayo anamwa nawo, koma m'mutu mwake munali pulani ina yaing'ono imene sanaitchule. Njingayo akagulitse ku Luwawa, palibe kanthu. Pambuyo pake adzauza anthu kuti waibwereketsa kwa bwana wina wa matabwa. Koma isanapite, Dyness aione ndi maso ake, mwamuna wake ali pa mahandulo, mudzi wonse ukuona.

Lachisanu m'mawa anapeza Dyness akumanga duku, akukonzekera kupita kumaliro.

"NyaShawa, ukandipepesereko kwa anamfedwa. Matransipota aimba foni. Katundu uja wafika pa Boma."

Dyness anaima duku lili m'manja.

"Awiske Thoko, mukunena zoona?" anafunsa, akumuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Shapu. Lero lomwe."

Mayiyo anayang'ana kukhomo kuti aone ngati pali wina, kenako anavina kamodzi kokha, pang'ono, poti linali tsiku la maliro. "Ndinkadziwa ine," anatero. "Anthu alankhula, alankhula, koma ine ndinkadziwa." Anamukonzera kolala ya jekete n'kutuluka mofulumira. Zondwayo anatsala ali chiimire, mtima ukumuluma, ndipo akanakhala munthu wina akanalekera pomwepo.

Kuchotsa tayala kunamuyendera bwino moti anayamba kudzikhulupirira yekha. Njinga ya Tumbikani inali m'kakhumbi kuseri kwa nyumba, masipoko ake atakulungidwa ndi timapulasitiki tofiira ndi tachikasu monga amachitira akabaza okonda ntchito yawo. Zondwayo anapeza sipanala pansi pa mpando, anakhazika injini pa mtondo, anamasula apa, anakoka apo, tayala linatuluka. Tizitsulo tina tinagwera m'fumbi. Anatitola n'kutiponya m'thumba la jekete osayang'ana kumene tachokera. Sipanala anaibwezera pamalo pake bwinobwino, poti iye sanali munthu woba tinthu ting'onoting'ono. Tayala analiika m'thumba la madeya, anakwera matola, ulendo wa pa Boma.

Anzake anawapeza atatsamira khoma moyang'anana ndi sitolo, akuyesetsa kuoneka ngati anthu wamba, chinthu chimene chinkawapangitsa kuoneka ngati mbava. Kuitana kwa mapemphero kutamveka, Muhsin anatuluka atavala mkanjo woyera, anakhoma zitseko zachitsulo n'kuwadutsa pafupi.

"Tonny, lero uli chilili masana ano, sunagwe?" anatero akuseka. "Mulungu ndi wamkulu."

"Yewo, bwana," Netiweki anayankha akuvula chipewa.

Muhsin atangokhota, Jenerale analamula kuti nkhondo iyambe. Iye mwini anatsogolera pokwera mpanda wa malata, ndipo anatsikira mkati buluku litang'ambika kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo. Netiweki anakankha kageti, n'kupeza kuti kanangokoledwa ndi waya, ndipo iye ndi Zondwayo analowa choyenda.

Njinga inalipo, yofiira psuu, ikunyezimira, foloko ili pa kireti, mbale ya buleki ikulendewera pa waya wake. Zondwayo anaisisita thanki. Kwa kanthawi anaiwala kuti si yake.

Tsono kumanga tayala lakutsogolo si ufiti, wakabaza aliyense pa siteji angakuuzeni. Mbale ya buleki imalowa m'tayala, ndipo ili ndi kampata kamene kayenera kukola kadzino ka pa foloko, kuti ukagwira buleki mbaleyo isazungulire limodzi ndi tayala. Mbali inayo kumakhala kachitsulo kobowoka kamene amati sipesa, kotseka mpata kuti tayala lisamayendeyende. Ukatero umalowetsa ekiselo, chitsulo chachitali chimene tayala limazungulirapo, n'kumanga nati pang'ono. Kenako umatsitsa njinga pansi, n'kudinikiza mahandulo kangapo kuti mashoko akhazikike, ndiyeno umamanga nati ndi sipanala mpaka italimba, n'kutsekera ndi kapini kuti isamasuke panjira. Muhsin ankachita zimenezi Lachisanu lililonse asanadye n'komwe.

"Nyamulani kutsogoloku, Jenerale," Zondwayo analamula akupinda manja a jekete.

Jenerale anagwira mahandulo n'kunyamula, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Netiweki, amene ntchito yake inali kuyang'anira pageti, anabwera kudzaonerera. Zondwayo analowetsa tayala.

"Injiniya," anatero Netiweki, "chimbale ichi chili uku, koma bowo lake layang'ana uko."

"Ku Joni timayamba tayeza mbali zonse ziwiri."

Anatembenuza tayala, anakankhiramo mbale ya buleki mulimonse mmene inalowera. Za kadzino ka pa foloko sanazimvepo chibadwire. Ekiselo inalowa theka n'kukana.

"Fulumira aise, msana wanga si jeke!" Jenerale anabuula.

Zondwayo anatola chidutswa cha njerwa. Khoo! Onse atatu anauma. Galu wina anauwa kuseri kwa mpanda. Ku mzikiti ulaliki unali mkati, ukumveka pa chimkuzamawu. Khoo! Khoo! Ekiselo inatulukira mbali inayo, ndipo Zondwayo anayang'ana anzake monyadira, thukuta lili kamukamu. Anapisa m'thumba kufuna nati, ndipo inatuluka pamodzi ndi kapini ndi kachitsulo kobowoka kaja.

"Nanga kameneko?" anafunsa Netiweki.

Zondwayo anakatembenuza, anasuzumira pabowo pake.

"Ka fakitale aka. Amaikamo dala kuti njinga izilemera pogulitsa."

Anakabwezera m'thumba. Kapini anapatsira Netiweki kuti agwirire. Kenako inafika nthawi imene anailakalaka chibwerere ku Joni. Anatulutsa kabokosi ka masipanala, anang'amba pulasitiki ndi mano, anatsegula. M'katimo munali timasipanala tonyezimira, tokongola, tondandalikidwa bwino, ndipo kakakulu mwa tonseto kanali koyenera kumangira mabuleki a njinga yakapalasa. Anayesa kamodzi, anayesa kena. Nati inali yaikulu kuposa tonse.

"Eyishi. Masayizi a ku Joni ndi ena."

"Ndiye titani?"

"Palibe vuto. Ndiyamba ndi zala, inu Jenerale mumalizitsa ndi manja anu a usilikaliwo."

"Ndimalizitsa bwanji ndanyamula njinga? Manga kaye, nditsitse."

Zondwayo anapotokola nati ndi zala mpaka pamene zala zinalekera. Jenerale anakankha kireti ndi phazi, anatsitsa njinga, anagwira msana uku akutukwana. Nthawi yomweyo Netiweki, amene anali atakumbukira ntchito yake, anabwera chothamanga kuchokera pageti.

"Atuluka mu mzikiti! Akuvala nsapato!"

Zimene zinachitika apa n'zimene zimagwetsa maboma. Jenerale anaganiza kuti Injiniya wamanga. Injiniya anaganiza kuti Jenerale wamalizitsa. Netiweki sanaganize chilichonse, kapini kanali m'kamwa mwake akuchotsera kanyama ka mbuzi kamene kanamuvutitsa chiyambire m'mawa. Zondwayo anaponda kiki, ndipo njinga yosalakwayo inalira kamodzi n'kamodzi.

Anatulukira kanjira ka kuseri atasanjikizana atatu, Zondwayo kutsogolo, Netiweki pakati, Jenerale pa kaliyala atagwira buluku lake. Palibe anawacheukira. Pa Boma amuna atatu pa njinga imodzi si nkhani, ena amakwezapo ndi mbuzi.

"Ndinakuuzani!" Jenerale anakuwa mphepo ikumuwomba. "Dilu ya madolo iyi!"

Koma pamphambano, m'malo molunjika njira ya ku Luwawa, Zondwayo anakhotera ya ku Engutwini.

"Iwe! Ukupita kuti?"

"Uko kuli rodibuloko, Jenerale. Kuno kuli chidule."

"Netiweki, za rodibuloko unamva?"

"Ndinamva pang'ono," anatero Netiweki, amene sankalola kuti pakhale nkhani yoti iye sanaimve.

Zondwayo anawonjezera moto. Zonse anali atazikonza m'mutu. Pa maliro amayala nthambi pamsewu, ndipo wanjinga aliyense amatsika n'kudutsa akukankha, chipewa chili m'manja. Ndiye iye adzaima pa nthambipo, adzatsika mwaulemu, adzakankha njinga yofiirayo pang'onopang'ono kudutsa khamu lonse, nkhope ili yachisoni monga kuyenera. Palibe adzanene kuti akudzionetsera, mwambo ndiwo udzamuyendetse pang'onopang'ono. Aliyense adzaiona mpaka masipoko. Ndipo Dyness adzaweramitsa mutu kubisa kumwetulira. Poganiza zimenezo misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo si mphepo yokha imene inachititsa.

Msewu wa fumbi nthawi yachilimwe umakhala ndi timabampu tondondozana tokhala ngati malata. Njinga inkanjenjemera, mano a anthu atatu akugundana. Nati ija inapirira mmene ikanathera. Pafupi ndi kamlatho kena inamasuka komaliza n'kugwera m'fumbi osatsanzika. Tayala linayamba kuvina, kupita uku, kubwerera uku, ndipo mahandulo ankagwedezeka m'manja.

Netiweki anasuzumira pansi pa khwapa la Zondwayo.

"Injiniya, chitsulo chija mumakhoma ndi njerwa chikutalika."

"Chatentha. Chitsulo chikatentha chimatalika. Sayansi imeneyo."

"Koma chikutalikira mbali imodzi."

"Khala chete, ukundisokoneza."

Atakwera kachitunda anaona mudzi uli m'munsi, anthu ali bii pabwalo la nyumba ya siwa, amuna mbali ina pansi pa mitengo, amayi mbali ina pamphasa. Bokosi linali litatulutsidwa panja, ndipo mkulu wa mpingo anali chilili, buku lili m'manja. Pamsewu panali nthambi zamasamba, ina yake yaikulu ndithu.

"Awa si maliro a kwanu aja?" Jenerale anakuwa. "Wapenga? Bwerera!"

Zinali zochedwa, njinga inali ikutsetsereka. Phokoso la injini linafika pabwalo, mitu inatembenuka. Pakati pa amayi, Dyness anakweza maso. Anaona chofiira chikunyezimira m'fumbi, anaona jekete lachikopa. Anaiwala kuti ali pamaliro. Anaimirira, dzanja lili pamtima, kenako anawerama n'kugunda Martha ndi chigongono.

"Wayiona?" ananong'ona mokweza. "Ikubwera wapansi imeneyo?"

Zondwayo anamuona ataimirira yekha pakati pa amayi okhala pansi, ndipo pa moyo wake wonse sanakondwepo ngati nthawi imeneyo. Anawongola msana, anakonza nkhope yachisoni, anagwira buleki yakutsogolo mwaulemu.

Mbale ya buleki, imene sinakole paliponse, inangozungulira limodzi ndi tayala n'kukoka waya. Kweee! Njinga sinachepetse liwiro. Za buleki ya kuphazi Zondwayo anazikumbukira atafika kale pa nthambi yaikulu ija. Kutsogolo kunadumpha m'mwamba, ekiselo inasolokera pansi, ndipo pamene njinga inkatera, tayala linali litapita kale patsogolo lokha.

Foloko inalasa m'dothi. Zondwayo anauluka pamwamba pa mahandulo n'kukagwa chafufumimba. Netiweki anatera pamsana pake. Jenerale, monga mtsogoleri, anapita patali kuposa onse, n'kukathera m'mizere ya chinangwa miyendo ili m'mwamba, buluku litamaliza kung'ambika.

Tayala lokha ndilo linalowa pamaliro mwadongosolo. Linadutsa pakati pa amuna, amene ankangokweza miyendo mmodzimmodzi, linalambalala mkulu wa mpingo, linazungulira bokosi theka, n'kukagona pamapazi pa amayi a Umanyano, gulu la mpingo limene linkaimba. Nyimbo inathera pakati pa mzere. Panakhala zii.

M'chete ameneyo ndi mmene Jenerale anadzukira m'chinangwa, dothi lili m'kamwa, ukali utamutseka maso.

"Chitsiru iwe! Nati ija sunamange?"

"Ndinati mumalizitse ndinu!" Zondwayo anayankha akulavula fumbi.

"Ndikanamalizitsa bwanji? Si ine ndinanyamula njinga mumpanda mwa Muhsin mpaka msana kuthyoka?"

"Akulu, musandiikemo ine," Netiweki analowerera akudzikuntha. "Ine yanga inali kuyang'ana ngati atuluka mu mzikiti, ndipo ndinakuuzani."

"Ndinanena kuti tilunjike ku Luwawa tikagulitse! Ndani amabweretsa njinga yakuba pamaliro?"

Mawu akuti "yakuba" anamveka bwino mpaka kwa amayi ophika kuseri. Jenerale anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti mudzi wonse wamvetsera, ena atagwira pakamwa. Anayesa kuimirira mwausilikali, koma dzanja limodzi linali lotanganidwa ndi buluku.

Pakati pa amuna panatuluka Tumbikani, matope a kumanda ali m'miyendo, khasu lili paphewa. Anapita kwa amayi a Umanyano, anapepesa, anatola tayala n'kuyang'anitsitsa timapulasitiki ta m'masipoko.

"Alamu," anatero mofatsa kwambiri, "tayala ili ndi la njinga yanga. Njinga yanga ili pati?"

"Ili pa mtondo, alamu. Ili bwinobwino."

Adzukulu sanachedwe. Posakhalitsa atatuwo anali atakhazikidwa pansi pa mtengo wa mango, atavulidwa nsapato, anyamata a makasu atawazungulira. Wina anaimbira foni Muhsin, amene anali akuzungulirazungulira kireti yake ngati nkhuku yofuna poikira, ndipo anayankha kuti akubwera ndi apolisi. Koma mwambo sukanadikira apolisi, ndipo njinga inali itagona pakati pa njira imene bokosi linayenera kudutsa.

"Tibwezeretse tayala tiikankhire pambali," anatero Tumbikani. "Ikayamba kunyamulidwa ndi anthu ambiri ithyoka magalasi, mlandu ukhala wathu."

Ekiselo inapezeka m'fumbi. Wakabaza wina amene anabwera kudzalira nawo anapereka sipanala ndi nati yapadera. Netiweki, ataopsezedwa ndi khasu, anatulutsa kapini.

"Apatseni a Injiniya amange," wina anatero, ndipo amuna anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

"Injiniya wa vichi?" anayankha mkulu wina amene nayenso anakhalako ku Joni. "Uyu ngakhale nati sakuidziwa kumene imayang'ana."

Apa m'pamene Dyness anachita chinthu chimene amayi sachita pamaliro. Anadzuka pamphasa, anawoloka bwalo lonse mpaka kumbali ya amuna, anagwada. Nkhope yake inali itauma, koma mawu sananjenjemere.

"Adada, pepani chomene. Kuba, n'zoona aba, ndamva ndi makutu anga, ndipo manyazi ake ndi anga. Kuti njinga si yawo, ndamvanso. Koma kunena kuti si mekaniki, ilo ndi bodza. Munthu wagwira ntchito pa galaja ya mzungu. Anzawowa ndiwo anawasokoneza ndi phuma." Anatembenukira kwa mchimwene wake. "Adumbu, apatseni sipanala. Aliyense aone."

Tumbikani anayang'ana mlongo wakeyo kwa kanthawi, ngati akufuna kumuletsa, kenako anapereka sipanala. Amuna awiri ananyamula kutsogolo kwa njinga. Dyness mwini anagwira tayala n'kuliimika pakati pa foloko, atagwada m'fumbi pafupi ndi mwamuna wake. Anthu anasendera. Ngakhale mkulu wa mpingo anatseka buku n'kusuzumira.

Zondwayo anagwada. Anapisa m'thumba, anatulutsa kachitsulo kobowoka kaja, poti tsopano anali atazindikira kuti si ka fakitale. Anakayesa kumbali ya buleki, sikanakhale. Anakachotsa. Anakaveka pa ekiselo, anakavulanso. Anatola mbale ya buleki, anaitembenuza, anaona kampata kaja n'kukapukuta ndi chala ngati ndi dothi lalowamo. Anati "eyishi", koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu. Kumbuyo kwake munthu wina anatsokomola.

Anasendeza mutu pafupi ndi mkazi wake, n'kunong'ona motsitsa kuti asamve wina aliyense.

"NyaShawa, alamu akamamanga umawaona. Kameneka kamakhala mbali iti?"

Dyness anamuyang'ana. Anangomuyang'ana kuyambira pa jekete mpaka pa kachitsulo kali m'manja, ndipo Zondwayo anawadziwa mayang'anidwe amenewo, anali atawaona pa nkhope zonse za m'mudzimo kupatula iyi yokha. Kenako mayiyo anasiya tayala, linagwa pansi phuu. Anadzuka, anakuntha fumbi m'mawondo, anawolokanso bwalo n'kukakhala pamphasa.

Tayala anamanga Tumbikani, njinga inakankhidwira pambali, nyimbo inayambanso, bokosi linanyamuka.

Malemuyo anali gogo wokalamba kwambiri, amene anthu anali atamulira kale mokwanira, ndipo ambiri ankangoyenda akuganiza za kwawo. Koma bokosi litangodutsa pa nthambi zija, pakati pa amayi panabuka kulira kumene mudziwo unali usanakumvepo. Anali Dyness. Analira njira yonse ya kumanda, analira pokwirira, analira pobwerera, mpaka Martha yemwe uja ndiye anamugwirira kuti asagwe.

Anthu atasonkhananso pabwalo, woyankhulira banja anaimirira kuthokoza mpingo, adzukulu ndi onse obwera. Pomaliza anatembenukira kwa amayi.

"Mwapadera tithokoze NyaShawa. Ife abale sitinkadziwa kuti mayiyu ankawakonda chotere agogo athuwa. Yewo chomene, mama."

Zondwayo anamva mawuwo ali pansi pa mtengo wa mango, mapazi ali pamtunda, galimoto ya apolisi ikuoneka patali m'fumbi. Pa khamu lonselo, iye yekha ndiye ankadziwa amene ankaliridwayo.